Dzanja la Ometa

"Mwamuchotsa dala kanema wanga! Mwamuchotsa chifukwa ndine mwana wa ometa tsitsi!"

Mawuwo anatuluka chitseko cha chipinda cha aphunzitsi chisanatsekeke n'komwe. Mtsikana woyankhulayo anzake ankamutchula kuti Tsabola, ndipo panalibe amene ankafunsa chifukwa chake. Aphunzitsi a zaluso anali atanyamula kapu ya tiyi. Anaibweza patebulo mosafulumira, pambali pa mulu wa makope. Aphunzitsi ena awiri anadzutsa mitu, kenaka anaweramiranso zimene ankachonga.

"Wagogoda?" anafunsa aphunzitsi a zaluso.

"Sindinagogode, Aphunzitsi. M'mawa uno mwatchula makanema onse amene tionetse makolo Lachisanu. Sewero la mwana wa adokotala mwalitchula. Kuvina kwa a Fomu 4 mwakutchula, chonsecho anajambula foni ili chozondoka. Wanga yekha ndiye mwamudumpha."

"Ndamudumpha, inde."

"Ndi woipa?"

"Ayi. Pa onse amene ndalandira, wako yekha ndi amene ndinamuonera kawiri."

"Ndiye bwanji?"

Aphunzitsi anayang'ana m'kapu muja ngati yankho lamira m'menemo.

"Si kanema aliyense wabwino amene ayenera kuonetsedwa m'holo. Ukafika kwanu ukacheze ndi bambo ako."

"Bambo anga zikuwakhudza pati? Sanamuone n'komwe. Ndimafuna adzamuonere pachinsalu chachikulu, atakhala pampando ngati makolo ena onse."

"Ndanena, mwana wanga. Belu lalira, pita m'kalasi."

Tsabola anatuluka. Chitseko anachimenyetsa mwakuti kalendala inachoka pamsomali n'kugwera kuseri kwa kabati.

Kujambula palibe anamuphunzitsa. Achimwene ake, popita kukagwira ntchito kutali, anamusiyira foni yakale ya galasi lothetheka ngati ukonde wa kangaude. Iye anangoyamba kudinadina paliponse mpaka foniyo inaulula zonse zimene inkadziwa. Masewero a anzake, aja munthu amalira misozi ya malovu kamera ikamuyang'ana, ankamutopetsa. Iye ankajambula msewu kudzera m'tambula ya madzi, anthu n'kumaoneka miyendo m'mwamba. Tsiku lina anamangirira foni ku sipoko ya njinga, ndipo amayi ake ataonera anachita chizungulire mpaka anakhala pansi.

Loweruka lililonse ankasesa tsitsi m'shopu ya bambo ake. Inali kachipinda kopapatiza pakati pa telala ndi wogulitsa zitsulo: mpando umodzi wozungulira, benchi ya odikira, mpopi wodontha pakona, ndi kalilole wamkulu wothetheka m'munsi cha kumanja. Atapempha kuti ajambulemo, bambo ake anaseka.

"Jambula, bola nkhope yangayi uisiye. Yakalamba, ingakuswere foni kachiwiri."

Nkhope anaisiyadi. Foni anaigoneka pashelefu, pakati pa botolo la mankhwala opukutira ndi chipeso, moti chinkaoneka ndi dzanja lokha la bambo ake litagwira lezala, kachigawo ka khosi la wometedwayo, ndi ngodya ya kalilole. Atafika kunyumba anachedwetsa chithunzicho, n'kuchichedwetsanso, mpaka kanthu kochitika m'kuphethira kwa diso kankatenga nthawi yomwera kapu ya madzi. Pamenepo anaona chimene chinamukoka mtima. Lezala lisanakhudze khungu, dzanja lija linkagwedezeka, uku ndi uku, ngati tsamba loyandama. Anachotsa mawu onse a m'shopu n'kuikamo kudontha kwa mpopi uja, dontho limodzi pa kugwedezeka kulikonse. Kumapeto anayendetsa chithunzi chafutambuyo, tsitsi n'kumanyamuka pansi kubwerera pamutu pa mwini wake. Kanemayo anamutcha Dzanja Likuvina.

Woyamba kumuonera anali mnzake wa pa desiki, amene ankamutchula kuti Wailesi chifukwa nkhani sinkagona m'kamwa mwake.

"Ndiye filimuyi iyamba liti?" anafunsa Wailesi.

"Yatha."

"Yatha? Wafa ndani?"

"Palibe."

"Wakwatiwa ndani?"

"Iwe, si za ukwati izi. Ungoona."

Wailesi anaoneranso, ulendo uno ali chete, zimene zinali zachilendo.

"Sindikumva kanthu," anatero pomaliza, "koma m'mimba mwangamu mwachita kuzizira."

Kwa Tsabola mawu amenewo anali okwanira. Tsopano aphunzitsi ankati kanema wozizira m'mimba ngati ameneyo akhale m'thumba, makolo aonere mwana wa adokotala akunamizira kukomoka.

Madzulo a tsiku limenelo anadikira mpaka amayi atachotsa mbale. Masiku amenewo bambo ake ankamwa tiyi atagwira kapu ndi manja awiri, ndipo amayi ankawathirira theka lokha. Tsabola ankaziona zimenezi monga mmene munthu amaonera khoma la nyumba yake: tsiku lililonse, koma osaliyang'ana.

"Ababa, aphunzitsi akana kanema wanga uja. Ati ndidzacheze ndi inu. Mukudziwapo chiyani?"

Bambo ake anauzira tiyi amene anali atazizira kale.

"Ine wometa ndingadziwe chiyani za makanema? Mwina ali ndi chifukwa chawo. Usiye, udzajambula wina."

"Ndisiye? Akanakhala mwana wa adokotala mukanati asiye?"

"Tsitsa mawu," anatero amayi ali kukhitchini. "Bambo ako atopa."

"Ndiye vuto lathu limenelo. Akatiponda timati pepani, phazi lanu lapweteka?"

Bambo ake anamwetulira pang'ono.

"Pakamwa apa unatengera azakhali ako. Ndakuuza, usiye. Jambula pusi wa atelala, amavina bwino kuposa ine."

Anadzuka n'kupita kukasamba. Tsabola anakhala akuyang'ana kapu imene anasiya. Anaganiza kuti akuluakulu onse ndi amodzi: wina akatseka chitseko, mnzake amathandiza kukhoma.

M'mawa mwake, pa nthawi yopuma, anakokera Wailesi kuseri kwa laibulale.

"Holo ndi yawo. Mafoni ndi athu. Kanemayu ndimutumiza ku gulu la kalasi la pafoni, iwe umufalitse."

"Aphunzitsi akamva?"

"Amve. Si ine ndinajambula? Mulibe nkhope ya munthu, mulibe dzina. Ndalakwira ndani?"

Pamwamba pa kanemayo analemba yekha: Kanema amene amukaniza kulowa m'holo. Weruzani nokha.

Wailesi anagwira ntchito ya dzina lake. Pofika Lachisanu kanemayo anali atachoka m'gulu la kalasi, n'kulowa m'magulu a makalasi ena, n'kudumpha mpanda wa sukulu kupita m'mafoni a azichimwene, azilongo ndi makolo. M'holo, mwana wa adokotala akukomoka pachinsalu, Tsabola anakhala kumbuyo kwenikweni. M'mizere ya patsogolo pake ankaona timagalasi tikuwala pansi pa mipando, ndipo kuchokera uku ndi uku ankamva kudontha kwa mpopi wa bambo ake. Anapinda manja pachifuwa. Mtima unali m'malo.

Potuluka, mnyamata wina wa Fomu 4 anamutsekera njira.

"Mwana iwe uli ndi diso, zoona. Ndamuonera katatu, tsitsi lija likamakwera ndimachita tsembwe. Koma kalilole wothethekayo ndamudziwa. Si kwa mdala wako kumeneku?"

"Nanga vuto?"

"Dzanja limene lija, lili ndi lezala, pakhosi pa munthu? Aise, ine ndimameta pamenepo."

"Ndinachedwetsa ine, mbuli iwe. Chilichonse ukachichedwetsa chimagwedezeka."

"Ngakhale tebulo?" anatero mnyamatayo, n'kumapita akuseka.

Tsabola anaika foni m'thumba n'kulunjika kunyumba.

Loweruka anafika ku shopu m'mamawa monga mwa masiku onse. Anatsegula zenera, anatsuka zipeso, anayanika mathaulo pa chingwe cha kuseri. Bambo ake anathira mafuta m'makina ometera n'kuwayesa: anali kulira bwino. Loweruka linali tsiku limene benchi sinkaoneka thabwa lake. Ana a sukulu ankabwera kudzameta za mlungu wotsatira, azibambo za ukwati kapena za kutchalitchi, ndipo ena ankaimirira panja n'kumakanganirana za mpira.

Dzuwa linakwera. Benchi inali thabwa lokhalokha.

Woyamba kulowa anali dalaivala wa basi, kasitomala wakalekale, wamimba yotsogola. Anadziponya pampando mpaka unalira.

"Akulu, lero makina okha. Zochonga m'mbali ndi lezala tisiye. Makutuwa ndikuwafunabe, ndi omwe ndimamvera hutala."

Bambo ake a Tsabola anaseka nawo, n'kumukulunga nsalu m'khosi.

"Makutu ako ngakhale nditadula limodzi, lotsalalo likwanira anthu awiri."

Anamumeta ndi makina okha. Tsabola anaona kuti chigongono anachipanikiza m'nthiti, ndipo sanathe kukumbukira ngati ankatero kuyambira kale. Makinawo ankanjenjemera okha, choncho panalibe chooneka. Dalaivala atatuluka, Tsabola anasesa tsitsi lake. Linangokwana pakona pa chotolera zinyalala.

Kenaka panadutsa mayi wina wa ana amapasa, amene Loweruka lililonse ankawakhazika pabenchi n'kupita kukagula zinthu. Anafika mpaka pakhomo. Anapereka moni, anafunsa za kunyumba, anayamikira nyengo. Ali m'kati moyankhula maso ake anatsikira pa dzanja la ometa. Anakoka ana ake n'kuwoloka msewu kupita ku shopu yatsopano ya tsidya, kumene mnyamata wometa ankaliza nyimbo mokweza. Kumeneko anthu anali ataima mpaka pakhonde.

Atelala anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi.

"Aneba, mwatchuka. Mkazi wanga wandionetsa pafoni. Ati ndinu akatswiri a gule." Ataona Tsabola ali ndi tsache m'manja, anatsokomola. "Ndimangocheza. Anthu amaiwala msanga, musadandaule."

"Ndani wadandaula?" anatero ometa. "Lero ndi tsiku lopumula miyendo."

Anakhala pampando wa makasitomala n'kutsegula nyuzi yakale. Mwana wawo sanamukalipire, sanamuyang'ane moipa. Anangomutuma kuti akaone ngati mathaulo auma. Mathaulo anali atauma, ndipo onse anali oyera, chifukwa panalibe amene anawagwiritsa ntchito.

Tsabola anasesa pansi posesa kale. Mpopi unkadontha m'ndowa. M'kanema muja kudonthako kunkamveka ngati ng'oma yapatali. Muno kunali kudontha kwa mpopi wofunika kukonza basi.

Masana ndithu panalowa aphunzitsi a zaluso. Anali atavala malaya a kunyumba, opanda tayi, ndipo kwa kanthawi Tsabola sanawazindikire. Anali asanawaonepo m'shopumo chifukwa iwo ankameta pakati pa mlungu, akaweruka. Anamuyang'ana kamodzi, n'kupereka moni kwa bambo ake.

"Si tsiku lanu lero, Aphunzitsi," anatero ometa akupinda nyuzi.

"Tsitsi silidziwa kalendala. Mundimete monga mwa nthawi zonse. Ndi m'mbali momwe."

Anakhala pampando. Makina analira, tsitsi lotuwa linagwa pansalu n'kutsetserekera pansi. Atatha, ometa anatsegula lezala latsopano, analilowetsa m'chogwirira chake, n'kupaka thovu m'mbali mwa khutu la aphunzitsi. Tsabola anali ataima pakona, tsache lili m'manja, foni ili m'thumba. Panalibe chochedwetsa chithunzi. Panalibe galasi pakati pa iye ndi bambo ake.

Dzanja linakwera. Linaima pafupi ndi khutu. Linagwedezeka, pang'ono chabe, mofulumira ngati chikope. Bambo ake anapanikiza chigongono m'nthiti, anagwira mpweya, n'kudikira kuti kugwedezekako kudutse. Tsabola anaona mtsempha wa pakhosi pawo utatupa, ndi thukuta pamphumi pamene iye sanajambule. Kudikirako kunatalika. Kenaka dzanja linatsika.

"Lero ayi, Aphunzitsi," anatero ometa motsitsa mawu. "Lero lakana."

"Palibe kanthu. Pukutani thovuli, m'mbali mudikire."

Ometa anapukuta thovu ndi thaulo, pang'onopang'ono.

"Pepani," anatero aphunzitsi akuyang'ana m'kalilole. "Ndinachita monga munandipempha. M'holo sanalowe, ndipo mwanayu sindinamuuze chifukwa. Koma ndikuona ngati tinalakwa tonse awiri. Tikanangomuuza."

"Ndi mwana. Akanamva kuti kanema wake wakanidwa ndi ine, akanataya foni ija. Ndipo kanemayo ndi wabwino, ndinakuuzani tsiku lomwe munandionetsa. Dzanja langa sindinalionepo chotero. Kungoti ndi dzanja lomwelo limene timadyera."

Ankayankhula ngati m'shopumo munalibe munthu wachitatu. Tsabola anamva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa kufika kumaso. Kawirikawiri kutentha kumeneko kunkatulukira pakamwa, kulunjika munthu. Ulendo uno anafufuza woti amulunjike: aphunzitsi, atelala, mayi wa amapasa, Wailesi. Aliyense akamuganizira, mawu ankabwerera okha. Analemba yekha kuti weruzani nokha, ndipo anthu anaweruza.

Aphunzitsi anadzuka, anakutumula malaya, analipira. Pakhomo anaima.

"Tsabola."

"Aphunzitsi."

"Kamera yako inaona zoona. Lolemba udzabwere tidzakambirane. Udzagogode."

Anatuluka. Tsidya la msewu nyimbo inkalirabe.

Tsabola anatulutsa foni. Uthenga unali utadzaza: ena oyamikira luso, ena oseka, ena ofunsa kuti shopuyo ili pati kuti asadzalowemo mwangozi. Anafufuta kanemayo m'gulu la kalasi. Anadziwa kuti zinali ngati kutseka khola mbuzi zitatuluka kale, koma anafufutabe. Wa m'foni mwake sanamufufute. Anaika foniyo pashelefu, pakati pa botolo ndi chipeso, galasi litayang'ana pansi.

Bambo ake anali atatenga tsache lija n'kuyamba kusesa tsitsi la aphunzitsi.

"Ababa, ndipatseni tsachelo."

"Ndi lochepa, ndimaliza."

"Ndinatumiza ndine. Si Wailesi, si wina. Munandiuza kuti ndisiye, ine osamva."

"Ndikudziwa. Zachitika. Anthu ena abweranso, tsitsi silisiya kumera."

"Amayi akudziwa za dzanjali?"

Bambo ake anapitiriza kusesa.

"Akudziwa," anadziyankha yekha Tsabola. "N'chifukwa chake amakuthirirani theka. Aphunzitsi akudziwa. Tsopano msewu wonse ukudziwa, ndipo wawauza ndine. Amene ndatsala ndine ndekha, amene ndinaliyang'ana dzanjali masiku onse aja n'kumati likuvina."

"Ndi kutopa chabe, mwana wanga. Ukalamba."

"Kuchipatala munapita?"

"Tenga ndowa iyo ukataye, yadzaza."

Tsabola sanatenge ndowa. Anapita pakhomo, anatembenuza kachikwangwani kuti kaonetse kuti shopu yatsekedwa, n'kubwerera. Anachotsa tsache m'manja mwa bambo ake n'kulitsamiritsa kukhoma. Kenaka anagwira dzanja lawo lamanja ndi manja ake awiri. Linali lofunda, lonunkhira sopo, ndipo m'kati mwake munali kanthu kothamanga ngati mtima wa mbalame. Zimenezo foni sinamuuze.

"Pusi wa atelala ndidzamujambula," anatero. "Za msewu uno ndidzaona chochita, ngakhale kuyenda khomo ndi khomo. Koma musanditumenso mathaulo kapena ndowa. Layamba liti, Ababa?"

Bambo ake anayang'ana m'kalilole, kumene wometa wina ndi mwana wake anali ataima chimodzimodzi, mng'alu uli kumapazi kwawo. Mpopi unadontha.

"Musayang'ane uko. Yang'anani ine. Layamba liti, ndipo kuchipatala tipita tsiku lanji? Dzanjali sindilisiya. Ndiyankheni."